Matenti atatu kunja kwa Mzuzu: mmene ntchito ikuyendera

Malichi, sabata yachitatu

Achimwene a ku Joni atopa nalo yankho langa la masiku onse loti "zikuyenda." Akuti ndalama zawo zinalowa m'dothi, ndiye akufuna azimva kuti dothilo likuti chiyani. Basi, ndizilemba chilichonse chikachitika, chokoma ndi chowawa chomwe, kuti iwowo ndi inu ena amene mwakhala mukundifunsa muzidziwerengera nokha.

Kwa amene nkhaniyi simukuidziwa: tili ndi malo pafupifupi maekala awiri kunja kwa mzinda, mukatenga msewu wa M5 wopita ku Nkhata Bay n'kupatuka musanayambe kutsetsereka. Tinagula kalekale ine ndi bambo a ana, tikuganiza zolima nthochi ndi khofi. Nthochi zinatheka, khofi anatikana. Tsopano tikufuna kuimikapo matenti atatu akuluakulu okhazikika, tenti iliyonse yokhala ndi bedi lenileni, matiresi abwino, bafa la madzi otentha ndi chimbudzi chamadzi. Banja la mu Mzuzu liziweruka Lachisanu, lifike kusanade, libwerere Lamulungu masana ana atatopa ndi kusewera osati ndi ulendo.

Maganizowa anabwera titapita ku Nyika. Kukongola kwa kumeneko palibe angatsutse, mbidzi zikudya msipu pafupi ndi msewu ngati ng'ombe za munthu. Koma kuchoka ku Rumphi kukafika ku Chelinda msewu wake ndi wadothi, umafuna galimoto yamphamvu ndi msana wamphamvu. Loweruka linathera m'galimoto, Lamulungu chimodzimodzi, wamng'ono akusanza m'jumbo. Ku Nkhata Bay n'kufupi, makilomita sakwana 50, ndipo n'kumene aliyense amathamangira. Koma mayi wa mwana wa zaka 4 sapuma pagombe. Maso amakhala pamadzi kuyambira pofika mpaka pochoka. Ine ndinkafuna malo oti nanenso ndikhale pansi.

Muyezo wa ntchito yonseyi ndi amayi anga. Ali ndi zaka 71, mawondo amawavuta, ndipo moyo wawo wonse akhala ku Nkhotakota kumene bulangete ndi katundu wa m'sutikesi. Akabwera kuno amati Mzuzu ndi filiji. Akadzagona m'tenti mausiku awiri mu Julayi n'kudzuka osandinena, ndidzadziwa kuti tingathe kulipiritsa munthu.

Epulo, kumapeto

Masabata atatu apitawa palibe chooneka ndi maso chimene tapanga, ndipo ndikudziwa kuti achimwene apukusa mutu akawerenga. Mvula ya ku Mzuzu sidziwa kalendala. Pamene kwathu anthu ayamba kuimika mikukwe, kuno ikadali kukhuthuka, ndipo amene munali mumzinda muno mu Epulo 2016 mukukumbukira nyumba zimene zinagwa m'malo otsetsereka. M'malo modikira kuti ikate, Loweruka lina ndinavala majombo mvula ili mkati n'kukaima pamalopo ola lathunthu, kungoonerera madzi. Ulendo umenewo watipulumutsa. Pamene tinakhoma zikhomo za tenti yachiwiri, pamalo pokongola pooneka chigwa chonse, ndi pamene madzi onse ochokera kumsewu amadutsa. Kukhala kuli dzuwa simungadziwe. Zikhomozo tazisuntha mamita 12 kupita kumtunda, takumba ngalande yopingasa kumtunda kwa malo onse atatu, ndipo m'mphepete mwake tabzala udzu wa vetiva.

Nkhani ina ndi matabwa. Anthu akutali amaganiza kuti ku Mzuzu matabwa ndi ongotola chifukwa Chikangawa ili pakhomo. Zinali choncho kale. Nkhalango ija, mahekitala oposa 50,000 a paini amene anabzalidwa makamaka m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 poyembekezera fakitale ya mapepala imene sinamangidwe, inachekedwa ndi kupsa kwambiri. Amene tinawapeza ife ndi anthete, aawisi, olemera ngati mwala. A kalipentala athu, bambo wachikulire wa ku Zolozolo, anangogogoda thabwa limodzi ndi chala n'kukana kukhoma.

"Mayi, thabwa ili likadali kulira. Ndikakhoma lero, pofika Ogasiti chala cha mwana chizilowa pampata, ndiye mudzati mmisiri ndi amene sadziwa ntchito."

Tawasanja pansi pa shedi, timitengo pakati pa mzere uliwonse kuti mphepo izidutsa, miyala pamwamba kuti asapindike. Tidikira.

Nsanja iliyonse ikhala mamita 5 m'lifupi, 7 m'litali, kuphatikiza khonde. Mizati ndi ya bulugamu wothiridwa mankhwala, ndipo sitikuikwirira m'dothi. Ikhala pachitsulo chozikika m'konkire, kuti chiswe chikafuna kukwera chizimanga njira yake poonekera ife n'kuiphwasula. Mabafa tikumangira mabuloko a simenti. Malamulo a 2018 analetsa njerwa zootcha pa zomanga za bizinesi, komanso sizikanamveka kuitanira anthu kudzaona mitengo titaotchera njerwa mitengo yomweyo.

Meyi, sabata yachitatu

Tenti yoyamba yafika pabasi kuchokera ku Johannesburg. Poyamba tinkati zonse tigula kumeneko, koma bajeti yathu tinailemba kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo titawerengeranso tinapeza kuti ndalama ya matenti atatu yatsala ya imodzi ndi theka. Tinagwirizana kuti imodziyo ikhale chitsanzo. Awiri enawo akusoka a telala amene ntchito yawo ya masiku onse ndi malona a malole ndi mipando ya galimoto, ndipo mafelemu akuwotcherera mnyamata wina wa ku Luwinga.

Tinaiimika Lachinayi madzulo. Lachisanu m'mamawa mlonda anandiimbira foni kuti ndifike msanga. Ndinapeza amayi asanu a m'mudzi wapafupi atakhala pansi chapatali, zitenje atafunda, mtolo wa nkhuni uli pambali. Wamkulu wawo anandiitana n'kundifunsa m'Chitumbuka, chapansipansi, kuti watisiya ndani, nanga bwanji uthenga sunafike kwa amfumu.

Tinaseka mpaka misozi, iwowo ndi ine ndemwe. Koma pobwerera, ndili ndekha m'galimoto, sindinasekenso. Amayi aja anandionetsa vuto limene silili pabajeti. Kwathu kuno tenti ndi ya pamaliro. Ikapanda kutero ndi ya paukwati, ya pamsonkhano wachipani, kapena ya kumsasa wa anthu amene nyumba zawo zinakokoloka, monga tinaonera ku Blantyre ndi ku Mulanje namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023. Mmalawi sagona m'tenti mwakufuna. Amagonamo zikavuta. Ndiye ine ndikufuna kuuza bambo amene anavutika zaka kuti achoke m'nyumba yaudzu n'kumanga yamalata kuti atulutse ndalama, atenge mkazi wake ndi ana, akagone m'nsalu. Mnzanga wa kuntchito anandiuza kale osapsatira: "Ndikafuna kugona movutika ndingopita kumudzi, n'kwaulere." Bambo a ana akuti tisiye kunena mawu oti tenti, tiziti chipinda cha nsalu. Ine ndakana. Munthu akafika adzaona yekha kuti ndi tenti, ndipo adzayamba kukayikira zina zonse zimene tinamuuza. Chofunika n'choti akalowamo asapezemo kuvutika kulikonse kumene amakuyembekezera.

Kwa amfumu tapita Lamulungu, ndi shuga ndi nkhuku, kukapepesa ndi kufotokoza zimene tikumanga. Tinkayenera kuyambira kumeneko. Tagwirizana kuti kanjira ka kumtsinje kamene kamadula pakona ya malo athu sititseka, ndipo ndiwo zamasamba, mazira ndi nkhuku tizigula m'mudzi momwemo.

Cholakwa chachiwiri cha mwezi uno ndi changa ndekha. Pofuna kupulumutsa ndalama ndinauza a telala kuti denga la tenti yachiwiri asoke ndi lona ya pulasitiki, ya malole ija. Iwo anandiyang'ana koma anasoka. Bambo a ana ndi mwana wathu woyamba anakagonamo kuti ayese. Kunja kunalibe mvula ngakhale dontho, koma anadzuka mabulangete ali chinyontho, madzi akudontha kuchokera kudenga. Lona sipuma. Mpweya wofunda umene anthu amatulutsa usiku wonse ukagunda denga lozizira umasanduka madzi, monga zimachitikira pachivundikiro cha mphika. Ndalama imene ndinkapulumutsa ija yapita kawiri. Tsopano tenti yeniyeni ikusokedwa ndi kanivasi, nsalu yokhuthala ya thonje imene imalola mpweya kudutsa, ndipo lona ija yakwera pamwamba kukhala denga lachiwiri, mpata wa masentimita 30 pakati, yotulukira mita imodzi mbali zonse. Kunsonga tasiya mazenera ang'onoang'ono aukonde osatsekeka. Kanivasi yatsopano tikuinyowetsa n'kuiumitsa katatu kuti ulusi ufufume, utseke mabowo a singano. Ndipo lamulo loyamba limene ndalemba pakhoma la sitolo ndi loti nsalu iliyonse yonyowa isapindidwe, chifukwa ndi chinyezi cha kuno chuku sachedwa.

Juni, pakati

Kwazizira. Mzuzu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 pamene nyanja ku Nkhata Bay sifika 500, ndiye musadabwe kuti ulendo wa ola limodzi umakuchotsani m'juzi n'kukuikani m'malaya opyapyala. Kachipangizo koyezera kutentha kamene tapachika pamzati kakhala kakutsika pansi pa madigiri 10 m'bandakucha.

Aliyense wobwera kudzaona, kuyambira a kalipentala mpaka alamu anga, amanena chinthu chimodzi: ikani mbaula m'katimo. Ayi. Makala akamayaka pamalo potsekeka amatulutsa mpweya wopanda fungo, wosaoneka, umene umagoneka munthu osadzukanso. Chaka ndi chaka nyengo yozizira timamva za mabanja otere. Moto uziyaka panja, pabwalo limene tamanga ndi miyala pakati pa matenti atatuwo. M'kati tizifunditsa anthu ndi zofunda, ndi mabotolo a labala a madzi otentha oika kumapazi. Mabulangete okhuthala ndinawapeza kumsika wa Taifa, pamodzi ndi zitenje za makatani.

Magetsi ndi a sola, ndipo masamu ake ndiwalemba pano kuti achimwene asiye kufunsa chifukwa chimene sitikuikira ketulo ya magetsi. Tenti imodzi ili ndi mababu anayi a mawati 5. Akayaka maola asanu, tikachulukitsa mawati ndi maola, ndi 100 pa usiku. Kutchaja mafoni anayi, tinene 60. Batire ya 100Ah ya mavoti 12 imasunga 1,200, koma mtundu umene tinakwanitsa kugula sufuna kukhuthulidwa kupitirira theka, ndiye zathu ndi 600. Zikukwana, n'kutsalako za tsiku la chifunga. Koma ketulo imodzi imakoka mawati pafupifupi 2,000 nthawi imodzi, ndipo inveta yathu yaing'onoyo, kachipangizo kosandutsa magetsi a batire kukhala a m'nyumba, singapirire. Tiyi aziphikidwa pagasi. Mapanelo tawapendeketsa kuyang'ana kumpoto, chifukwa miyezi ino dzuwa limadutsa mbali imeneyo. Mnyamata amene anabwera kudzaika anafuna kuwayang'anitsa kumsewu kuti odutsa aziona kuti tili ndi sola.

Madzi akuchokera m'chitsime chotetezedwa kumunsi kwa malo. Pampu ya sola imawakweza masana kukalowa m'thanki ya malita 5,000 pamwamba pa chitunda, kenako amatsika okha. Chitsime kukhala kumunsi kunatisokoneza mapulani, chifukwa dzenje la zonyansa silingakhale kumtunda kwake. Talipititsa kuseri kwa chitunda kumene nthaka imatsetserekera mbali ina, mamita oposa 30 kuchokera pachitsime. Mapaipi achuluka kuposa mmene tinawerengera.

Za madzi otentha tinakangana masiku atatu. Bambo a ana ankafuna giza ya sola. Ine ndinawafunsa kuti tsiku limene munthu amafunitsitsa madzi otentha ndi liti. Ndi tsiku lomwe lija chifunga chimagona mpaka masana, dzuwa osaoneka. A pulambala ndi amene anathetsa mkanganowo ndi chimene iwo amachitcha donki: mgolo wa malita 200 wogoneka pang'anjo, madzi ozizira kulowa pansi, otentha kutuluka pamwamba, ndi paipi yotseguka yoloza kumwamba kuti nthunzi izipeza potulukira, mgolo ungaphulike. Mlonda akasonkha moto cha m'ma 4 koloko m'mawa, pofika 6 mabafa onse atatu ali ndi madzi. Nkhuni ndi zidutswa za matabwa athu ndi nthambi za bulugamu wathu. Anabwera kale anyamata awiri ndi nkhuni zachilengedwe panjinga, mtengo wabwino, ndipo ndinawabweza. Nkhalango ya Kaning'ina ndi imene imasunga madzi a Lunyangwa amene mzinda wonse timamwa, sindingakhale ine wothandiza kuimaliza kuti alendo asambe.

Julayi, sabata yachiwiri

Mayeso achitika. Amayi anafika Lachitatu pabasi yodzera ku Dwangwa, atavala majuzi awiri kuyambira ku Chintheche. Lachisanu tinanyamuka ku Katoto itangokwana 5 koloko, ine, bambo a ana, ana atatu, amayi, ndi mwana wa mng'ono wanga amene anangokwera galimoto osaitanidwa. Mphindi 25 tinali titafika. Mbali imeneyo yatheka monga ndinkafunira.

Mavuto anayamba tisanalowe. Kanjira ka pamalo oimika galimoto kukafika kutenti kanali koterera ndi mame, ndipo masitepe okwerera pansanja a kalipentala anawapanga kuyezera miyendo yawo. Amayi anaima pansi pa sitepe yoyamba n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna chogwira. Panalibe. Mdzukulu wawo wamkulu anachita kuwakweza. Sananene kanthu, ndipo amene mukuwadziwa amayi anga mukudziwa kuti kusanena kanthu kwawo n'koopsa kuposa kunena.

Atalowa anasisita bedi, anakanikiza matiresi ndi chibakera, anatsegula mpopi wa m'bafa n'kuika dzanja. Madzi atayamba kutentha anabweza dzanjalo msanga n'kundiyang'ana.

"Akuchokera kuti?"

"Kumgolo, amayi, kuseri uko."

"Ndiye amene akusonkha motoyo mwampatsa chakudya?"

Sindinali nditaganizapo. Mlonda tinangogwirizana naye za malipiro. Usiku womwewo anadya nafe, ndipo chakudya cha ogwira ntchito chalowa pabajeti.

Madzulo kunali bwino kuposa mmene ndinkayembekezera. Tinawotcha nsomba za batala zimene tinaitanitsa ku Nkhata Bay, mpunga wa Kilombero pambali, ndipo amayi anaphika kondowole yawo pawokha chifukwa akuti mpunga si chakudya chogonera. Ana anakhala mozungulira moto, chifunga chikukwera kuchokera m'chigwa mpaka tenti yachitatu inabisika. Foni ya mwana wathu woyamba inatha moto ndipo sanapite kukaitchaja. Agogo awo anawaimbira nthano ziwiri, zimene ine ndinazimva komaliza ndili kupulayimale, wamng'ono akuvomera "tili tonse" mokweza kuposa onse.

Usiku woyamba amayi sanagone bwino, ndipo zifukwa zake zinali zitatu. Choyamba, khomo lopita kubafa ndi la zipi, ndipo zipiyo imayambira pansi penipeni. Munthu wa mawondo ovuta, mumdima, chimbudzi chitamugwira, sangagwade kufunafuna kachitsulo kakang'ono ngati njere ya nyemba. Anachita kudzutsa mdzukulu, kawiri. Chachiwiri, mphepo yozizira inkalowera m'mipata ya matabwa apansi. Matabwa aja, ngakhale tinawaumitsa, anafotabe pang'ono. Chachitatu ndi kadzidzi. Analira mumtengo wa msuku uli kuseri kwa tenti yawo cha pakati pa usiku, ndipo m'mawa ndinawapeza atakhala pabedi, Baibulo lili pamiyendo. Mwana wathu woyamba anayamba kuwafotokozera kuti kadzidzi amangosaka mbewa, monga anaphunzirira kusukulu. Anamuyankha kuti mbewazo akasakire kwina.

Za kadzidzi palibe chimene ndingachite, ndipo mtengowo sindidula. Koma zina ziwirizo tinazikonza Loweruka lomwelo. Pazipi tinamangirira chingwe chachitali chokhala ndi mfundo yaikulu, n'kuchikoleka pamsomali wa m'chiuno. Pansi tinayala mikeka iwiri, pamwamba pake kapeti yakale imene bambo a ana anathamangira kukaitenga kunyumba. Ubwino wa kukhala pafupi ndi umenewo.

Masana amayi anakana mipando yonse ya pakhonde. Ndi ija ya nsalu yopindika, yooneka bwino pachithunzi, koma ukakhalapo umamira ndipo podzuka umafuna wokukoka. Anapempha mphasa, anaiyala padzuwa pafupi ndi nthochi, anatambasula miyendo, ndipo anagona tulo mpaka cha m'ma 3. Kuyambira ndili mwana sindinawaonepo amayi akugona masana popanda kudwala. Mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa: miyezi inayi ndikusankha mipando, yankho linali mphasa ya pamsika.

Usiku wachiwiri linthumbu linalowa m'khitchini, kutsatira mafupa a nsomba amene ana anataya pansi pa tebulo. Mlonda anathira phulusa la pang'anjo mozungulira ndipo linatembenuka. M'matenti silinafike. Tiyenera kupeza bini yotsekeka bwino, ndipo phulusa la donki tisamataye. Komanso mwana wa mng'ono wanga uja anatulutsa m'chikwama chowongolera tsitsi n'kuchilumikiza, inveta inalira n'kuzimitsa magetsi a tenti yonse. Masamu anga aja ndinawerengera ketulo, atsikana ndinawaiwala.

Lamulungu m'mawa ndinawafunsa amayi mmene agonera. Anati bedi ndi labwino, madzi ndi abwino, ndipo mapazi sanazizire. Kenako anati, "Koma mwana wanga, ndalama zonsezi bwanji osangomanga nyumba?" Ndinalibe yankho lachidule, ndipo sanadikire lalitali. Ndikuwerengera kuti usiku umodzi takhoza, wina talephera. Pobwerera ndinawamva akuuza mng'ono wawo pafoni kuti masiku awiri athunthu sanagwire mbale ngakhale imodzi. Za tenti sanatchule n'komwe.

Ogasiti, kumapeto

Masitepe aphwasulidwa n'kupangidwanso, afupiafupi, ndi chogwirira mbali zonse. Kanjira tathira miyala ing'onoing'ono ndi kuika nyale za sola zazifupi. Makomo a kubafa a telala awasintha, zipi tsopano ikuyambira pamwamba. Mipata ya pansi a kalipentala aitseka ndi timatabwa kuchokera kunsi kwa nsanja, akung'ung'udza kuti ananena. Mphasa tagula zisanu ndi imodzi.

Udzu wauma ndipo moto wayamba kuoneka m'mapiri madzulo. Nsalu ndi matabwa a paini sizicheza ndi moto, choncho sabata yonse yatha anyamata anayi a m'mudzi akhala akulambula mzere wotchinga moto kuzungulira malo onse. Tenti iliyonse ili ndi chozimitsira moto ndi ndowa ya mchenga. Mafomu a laisensi ku dipatimenti ya zokopa alendo ndi kukhonsolo tapereka, tikudikira oyendera.

Mkangano waukulu mwezi uno wakhala wa pafoni, ine ndi achimwene, pa nkhani ya mtengo. Iwo akufuna tilembe m'madola, pamutu pamutu, tikope azungu odutsa pakati pa Tanzania ndi kunyanja. Ndikumvetsa, ndalama yawo anaipeza movutikira ndipo akufuna ibwere isanadyedwe ndi kugwa kwa kwacha. Koma azungu amabwera miyezi yowerengeka, ndipo ambiri odutsa msewu uno amanyamula matenti awo kumsana. Anamwino a kuchipatala cha Central, aphunzitsi a ku Mzuni, a m'mabanki, asilikali a ku Moyale, amenewa ali pano chaka chonse, ndipo ana awo Loweruka amathera pa TV. Komanso mtengo wa pamutu sugwirizana ndi banja lathu. Banja la Chimalawi silibwera anthu anayi monga pachithunzi cha malonda. Pamabwera mwana wa mlongo, agogo, ndi mtsikana wolera mwana, ndipo ukayamba kuwerenga mitu pageti woyamba kusiyidwa kunyumba ndi agogo. Ndaumirira mtengo wa tenti yathunthu, m'makwacha, anthu osapitirira asanu ndi mmodzi, kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Ofuna kudziphikira azibwera ndi ufa wawo ndi ndiwo zawo, khitchini ilipo. Ofuna kuphikiridwa azinena Lachinayi. Achimwene avomera kuti tiyese miyezi isanu ndi umodzi, ndipo anenetsa kuti ndilembe pano kuti avomera monyinyirika. Ndalemba.

Chimene sitinagwirizanebe ndi masipika. Ndikudziwa anthu anga: akamva zopita kokacheza, choyamba kulowa m'buti ndi chisipika ndi kuleti. Matenti atatu ali pafupipafupi, ndipo khoma lake ndi nsalu. Banja limodzi likatsegula nyimbo, mabanja awiri ataya ndalama zawo. Ine ndikuti pofika 9 koloko usiku kukhale zii. Bambo a ana akuti ndithamangitsa makasitomala tisanawaone n'komwe.

Seputembala, sabata yachitatu

Matenti awiri atha, yachitatu yaima koma khonde lake likudikira matabwa amene akadali pashedi. Oyendera anabwera, anayang'ana khitchini ndi zimbudzi, ndipo atiuza kuti tiike bokosi la chithandizo choyamba ndi chikwangwani chosonyeza posonkhanira kukabuka moto. Zonse ziwiri zitheka sabata ino.

Mnzanga wa kuntchito uja, wa zogona kwaulere kumudzi, wafunsa ngati tenti imodzi ili yomasuka pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala. Akuti amayi ake safuna phokoso la kunyanja chaka chino. Ndamuuza kuti adikire pepala la laisensi lituluke, ndalama ndisanalandire. Wafunsanso ngati angabwere ndi sipika yaing'ono.

Amayi akubweranso kumayambiriro kwa Okutobala kudzaona a dokotala za mawondo, ndipo avomera kukagonanso usiku umodzi, bola tiwapatse tenti ya kutali ndi msuku. Loweruka likubwerali a kalipentala akagogodanso matabwa aja. Akati auma, tikhoma.